Amayi Buleki ndi Nambala ya M'magazi

Dzina lawo lenileni linatha ntchito kalekale. Tauni yonse inkawadziwa kuti Amayi Buleki, ndipo ngakhale amuna awo akafuna kuwaseka ankawaitana choncho. Dzinali linachokera ku ntchito. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo mawu amene ankatuluka kawirikawiri pawindo la kagalimoto kawo koyera anali akuti, "Buleki! Buleki, mwana iwe!" Ankakuwa choncho kaya wophunzirayo ndi mtsikana wongomaliza kumene sukulu, kaya ndi bwana wa kampani wa imvi mbuu. Munthu akangogwira chiwongolero cha galimoto yawo, ameneyo anali mwana basi.

Anabadwa m'banja la ana aakazi okhaokha asanu, iwo ndiwo oyamba. Bambo awo anali makaniko, ndipo posowa mwana wamwamuna wowapatsira masipanala, ankangoitana yemwe analipo. Pofika zaka khumi ndi ziwiri, mtsikanayo ankatha kusiyanitsa injini yodwala mapulagi ndi yosowa mafuta pongomva kulira kwake. Atakula anayendetsa galimoto yoperekera buledi m'masitolo kwa zaka zisanu ndi ziwiri, kenako anatsegula sukulu yawoyawo. Sukuluyo inali kachipinda kamodzi pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya nsapato: tebulo, benchi, bolodi ya zizindikiro za pamsewu, ndi tigalimoto ta zidole titatu tophunzitsira malamulo a pamphambano. Koma kalasi yeniyeni inali bwalo lafumbi kuseri kwa fakitale yakale ya sopo, pamene anaimikapo migolo isanu ndi itatu yophunzirira kubwerera m'mbuyo. Migolo yonseyo inali yopindikapindika, ndipo Amayi Buleki ankakumbukira amene anapinda uliwonse.

Anali munthu wamfupi, wojintcha, wokhalira katsamiro kuti aone bwino kutsogolo. Mawu okha ndiwo anali a munthu wamtali.

Amuna awo anali osiyana nawo ngati mvula ndi dzuwa. Ankakonza mawotchi ndi mawailesi m'kasitolo kopapatiza pafupi ndi positi ofesi, kagalasi kali padiso, tsiku lonse ali phee. Kuntchito ankapita pa njinga yakapalasa, thalauza atalimanga ndi chopanira zovala. Galimoto sankadziwa kuyendetsa ndipo sankafuna. Anzawo akamawanena kuti, "Inu mkazi wanu waphunzitsa theka la tauni, nanga inuyo?" iwo ankangoyankha mofatsa kuti, "Nyumba imodzi, dalaivala mmodzi. Tikakhala awiri ndani azigwira mtima?" Ana awo atatu anakula n'kubalalika. Wotsiriza yekha, amene onse ankangomuti Mzime, ndiye ankakhala pafupi, akuphunzitsa pasukulu ya pulayimale.

Matenda anawapeza ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ali pantchito. Tsiku lina galu anadutsa pamsewu, iwo n'kukuwa "Buleki!" ndipo wophunzira wa tsikulo, mayi womvera kwambiri, anaponda ndi mphamvu zake zonse. Lamba wa pampando anawakoka pachifuwa, koma ululu wake sunathe ngati masiku ena. Posamba anapapasa pamalopo n'kupeza kanthu kolimba m'bere, kangati njere ya nyemba. Kuchipatala anati ndi khansa ya m'mawere. Bere analichotsa, anawapatsa mankhwala a m'diripi amene anawayoyola tsitsi lonse, ndipo patatha miyezi isanu ndi itatu anabwerera kubwalo la migolo atavala chipewa cha amuna awo. Tsitsi linameranso, mawu sanachepe, ndipo zaka zinayi zinadutsa mwamtendere.

Kenako msana unayamba kuwawa. Iwo anadzudzula maenje a m'misewu, anadzudzula mpando, anasintha katsamiro kawiri. Mzime ndi amene anawakokera kuchipatala. Makina ounika m'thupi anaonetsa kuti matenda aja abwerera, tsopano ali m'mafupa awiri a msana, ndi kadontho kamodzi pachiwindi.

Tsiku lokaonana ndi dokotala wa khansa anapita ndi amuna awo, mitima ili m'mwamba. Atangolowa m'chipindamo, dokotalayo, mayi wachitsikana wa magalasi, anadzambatuka pampando.

"Amayi Buleki!"

Iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe! Si iwe unagwetsa migolo itatu tsiku limodzi?"

"Inali iwiri, amayi."

"Itatu. Wachitatu unagudubuzika mpaka kumpanda." Anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo, moyo wanga uli m'manja mwa munthu wosadziwa livesi."

Onse atatu anaseka, ndipo kusekako kunathandiza, chifukwa nkhani imene inatsatira inali yolemera. Dokotala sanapsatire mawu. Anati matendawo akafika m'mafupa sachotsedwa onse, koma angathe kugwidwa kuti asayende, mwina kwa zaka zambiri. Kachidutswa ka chotupa kamene anakapima kanaonetsa kuti khansa yawo imakula ndi mahomoni a m'thupi la mkazi. Choncho adzamwa mapiritsi a mitundu iwiri: ena oimana chakudya chimenecho, ena otseka njira imene maselo ake amachulukirana. Mapiritsi achiwiriwo amamwedwa milungu itatu, mlungu wachinayi kupuma.

"Sali ngati a m'diripi aja omenya paliponse," anatero dokotala. "Awa amalunjika."

"Nanga tidziwa bwanji kuti akugwira ntchito? Ine m'kati mwangamu sindionamo."

"Tiziona zinthu zitatu, amayi. Mmene mukumvera m'thupi, zimene makina aziona pakapita miyezi itatu iliyonse, ndi magazi mwezi ndi mwezi. Maselo a khansa yanuyi amataya kanthu kena m'magazi, ndipo ku labotale amatha kuyeza kuchuluka kwake. Lero nambala yanu ili pa 186. Kwa munthu wopanda vutoli nthawi zambiri sipitirira 30. Tikufuna izitsika."

"Ngati kuyang'ana oyilo ndi kachitsulo kaja," anatero Amayi Buleki.

"Pafupifupi. Koma musamaione yokha nambalayo, imafuna anzake."

Mawu otsirizawa sanalowe. Amayi Buleki anali atagwira kale zawo: 186, izitsika. Anailemba kuseri kwa kabuku ka malamulo a pamsewu kamene kankakhala m'chikwama chawo.

Wotenga magazi ku labotale anali bambo wamtali, woonda, wa manja ozizira. Tsiku loyamba lomwelo iwo anamupatsa dzina loti a Udzudzu. Bamboyo sanakwiye. Ankati akawaona pamzere, ankayamba kulira ngati udzudzu chapansipansi uku akukonza singano, ndipo odwala ena, ngakhale ofooka, ankamwetulira. Mitsempha ya Amayi Buleki inali yobisala chifukwa cha madiripi akale, koma a Udzudzu ankaipeza ulendo umodzi. "Mukanakhala dalaivala, mukanaimika galimoto pakati pa mazira," iwo ankawayamikira choncho.

Patatha milungu inayi anapita kukatenga mapiritsi ena. Dokotala wawo anali atapita kumsonkhano wa madokotala kwa masiku angapo. Amene anawathandiza anaona kuti maselo oteteza thupi ali bwino, anawalembera mankhwala, n'kuwauza kuti zina adzakambirana ndi dokotala wawo pakapita milungu iwiri. Potuluka anawapatsa faelo kuti akaisiye pawindo la makalata. M'khonde, Amayi Buleki anaitsegula. Sikuti ankafuna kuba chinsinsi, faeloyo inali yawo. Anatsetsereka ndi chala mpaka pamzere umene ankaudziwa.

243.

Anakhala pabenchi. Anawerenganso, n'kuona ngati dzina lili pamwamba ndi lawo. Linali lawo. Anakasiya faeloyo, anakalowa m'galimoto, n'kukhala nthawi yaitali osaliza injini. Sanalire. Mutu wawo unali wa munthu wozolowera kuona ngozi ili patali n'kuyamba kukonzeka. Anaganiza za ana, n'kuona kuti onse akudziimira. Anaganiza za sukulu, n'kuona kuti ingathe kutsekedwa, tauni siingafe. Ndiye anaganiza za amuna awo ndi njinga yawo. Tsiku limene miyendo yawo idzakane, ndani adzawanyamule kupita kuchipatala? Ndipo pambuyo pake, kagalimoto koyerako kadzangoola pabwalo nkhuku zikuikiramo mazira?

Sanauze munthu. Lolemba m'mawa anaimika galimoto pakhomo pa kasitolo ka mawotchi n'kuliza hutala.

"Bambo, tsekani. Muli ndi kalasi."

"Kalasi ya chiyani, mayi?"

"Lowani mbali iyi."

Amuna awo anachotsa kagalasi padiso, anawayang'ana, ndipo china chake pankhope ya mkazi wawo chinawauza kuti lero si tsiku lokana. Anatseka sitolo, anavula chopanira pathalauza, n'kukhala pachiwongolero koyamba pa zaka makumi asanu ndi limodzi za moyo wawo.

Amayi Buleki anali ataphunzitsa anthu amantha, ojijirika, ogona, ngakhale oyendetsa akupemphera mokweza. Koma wophunzira ngati uyu anali asanamuonepo. Bamboyo ankaigwira galimoto ngati wotchi ya munthu wolemekezeka. Asanalowetse giya ankayamba apendeketsa mutu kumvetsera. Kilatchi ankaitulutsa pang'onopang'ono mwakuti injini sinazimepo ngakhale kamodzi, ndipo migolo ankaidutsa osaikhudza, koma nthawi imene ankatenga munthu akanatha kuphika tiyi, kumwa, n'kutsuka kapu. Atalowa mumsewu ndiye zinaposa. Njinga zinkawapitirira. Mayi wina wokankha wilibala ya makala anawapitirira. Pamphambano ankapatsa mpata aliyense, ngakhale amene sanafune kuwoloka, uku akuvula chipewa kupereka moni.

Tsiku lachinayi anthu a mumsewu waukulu anamva zimene sanamvepo. Pawindo la kagalimoto koyera panatuluka mawu aja omwewo, amphamvu ngati kale, koma akuti, "Moto! Pondani moto, bambo inu!"

Ometa tsitsi anatuluka ndi malezala m'manja. Wogulitsa nyuzipepala anaseka mpaka kukhala pansi. Pofika masana nkhani inali ponseponse, yoti Amayi Buleki asintha chipani.

Koma m'galimotomo munalibe kuseka. Mlungu wachiwiri, ali pamsewu wopita kufakitale, iwo anakalipa kwambiri kuposa kale. "Nthawi palibe! Mukuyenda ngati tili ndi zaka khumi!" Amuna awo anayatsa indiketa, anapatukira pambali mwaulemu wonse, anakoka handibuleki, n'kuzimitsa injini.

"Mayi," anatero, "zaka makumi atatu mwandisiya ndi njinga yanga. Lero mukuthamangira kuti?"

Amayi Buleki anayang'ana kutsogolo. Kenako anatulutsa kabuku kaja m'chikwama n'kuwapatsa. Pansi pa 186 panali 243. Apo ndi pamene misozi inabwera, yambiri, ndipo munthu amene tauni yonse inkamuopa analira ngati kamwana, atatsamira phewa la wokonza mawotchi.

Bamboyo anadikira mpaka kulira kutachepa. Anayang'ananso manambala awiriwo nthawi yaitali.

"Munthu akandibweretsera wotchi yothamanga," anatero, "sindiweruza tsiku lomwelo. Ndimaikonza, n'kuiika pashelefu, mawa n'kuionanso, mkuja n'kuionanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwamufunsa mwana uja wa migolo?"

"Tsiku lathu ndi Lachisanu."

"Lero ndi Lachitatu. Tiyeni tikamudikire pakhomo pake. Ndiyendetsa ndine."

Ulendo wa mphindi khumi unatenga mphindi makumi anayi, ndipo Amayi Buleki sanakuwe ngakhale kamodzi.

Dokotala anali atabwerako. Anawalowetsa atamaliza odwala ena, ndipo atamva kuti anasuzumira m'faelo, anagwira m'chiuno.

"Amayi, munkandiuza chiyani ndikamangoyang'ana galasi limodzi?"

"Kuti ufa."

"Eya. Ndiye tiyeni tione magalasi onse. Msana uli bwanji?"

Amayi Buleki anatsegula pakamwa kuti adandaule, koma anaima. Anakumbukira kuti dzulo lake anasuntha okha migolo iwiri. Anakumbukiranso kuti botolo la mankhwala opha ululu linali lisanatsegulidwe kwa masiku asanu ndi limodzi. Mantha anali atawatanganitsa mwakuti sanazindikire kuti msana wasiya kuwawa.

"Ukuoneka kuti uli bwinoko," anatero mwamanyazi.

"Mukudya?"

"Akudya," anayankha amuna awo msanga. "Ndi zanga zomwe."

Dokotala anafotokoza kuti kwa odwala ena, mankhwala akayamba kugwira, maselo a khansa amafa ambiri nthawi imodzi n'kukhuthulira zam'kati mwawo m'magazi. Zikatero nambala imakwera kaye milungu yoyambirira isanayambe kutsika. "Mukamasesa m'nyumba, fumbi limachuluka m'mwamba kuposa musanagwire tsache," anatero. "Koma sindikunamizani. Nthawi zina imakweradi chifukwa mankhwala sakugwira. Lero sindingalumbire. Chimene ndikuona n'chakuti munthu amene ali patsogolo pangayu akupeza bwino kuposa mwezi watha. Pitirizani kumwa. Pakatha milungu inayi tiyezanso, kenako tiunika."

"Bwanji sunandiuze poyamba?"

"Ndinati nambala imafuna anzake. Koma ndikanafotokoza bwino, pepani. Nanunso, tsiku lina mukaona chokuopsani, bwerani tsiku lomwelo. Musamakhale nacho milungu iwiri."

Amayi Buleki anavomera ndi mutu. Kudzudzulidwa ndi munthu wa migolo itatu kunali kowawa, koma kunali koona.

Milungu inayi ija inali yaitali. Anauza ana, ndipo Mzime anawakalipira chifukwa chobisa, kenako anayamba kumabwera madzulo aliwonse akaweruka, ati kudzathandiza kuphika, chonsecho ankangodzawayang'ana. Makalasi a bambo anapitirira, popeza panalibe china chochita ndi mantha. Mapiritsi anali ndi zawozawo: kutopa kwa masana kumene kunkawagwetsa ngati thumba, tsitsi kupyapyala, ndipo ulendo wina maselo oteteza thupi anatsika mpaka dokotala anawapumitsa mlungu wowonjezera n'kuchepetsako mlingo. Iwo anasintha ndandanda: ophunzira m'mawa, masana kugona ola limodzi m'galimoto pansi pa mtengo wa kubwalo, mpando atautsitsa, chipewa kumaso.

Tsiku litakwana, a Udzudzu anatenga magazi m'mawa osalira ngati udzudzu, poona kuti mwini wake sali pa nthabwala. Anangoti, "Ndawatenga mwaulemu, amayi. Akanena zabwino." Mawa lake analowa kwa dokotala atatu, iwo, amuna awo ndi Mzime. Faelo anainyamula ndi Mzime, ataikumbatira pachifuwa kuti amayi ake asaikhudze.

Dokotala anatsegula, anawerenga, ndipo nkhope yake inalephera kubisa.

"131."

"Bwerezanso."

"131, amayi. Yatsika kuposa pamene tinayambira."

Mzime anakuwa n'kudzitseka pakamwa. Bambo anavula chipewa, anachivala, anachivulanso. Amayi Buleki anatulutsa kabuku kawo, analemba nambalayo mosamala pansi pa zinzake, n'kuitseka mzere kunsi kawiri. Kenako anaimirira n'kumukumbatira dokotala mwamphamvu mpaka magalasi anapendama.

"Migolo ija inali iwiri," anatero. "Ndakukhululukira umodzi."

Potuluka anadzera ku labotale n'kusuzumira pakhomo. "A Udzudzu! 131!" Bamboyo anakweza manja onse m'mwamba, thonje lili kudzanja, ndipo odwala a pamzere, osadziwa n'komwe kuti nambalayo ndi ya chiyani, anayamba kuwomba m'manja. Pamalo oimika magalimoto, pansi penipeni pa chikwangwani choletsa phokoso, mphunzitsi wa malamulo a pamsewu analiza hutala katatu. Mlonda anabwera akuthamanga, ndipo atamva nkhani yake anati, "Lizani kamodzinso, kenako muzipita."

Makina ounika anavomereza zimene magazi ananena. Kadontho ka pachiwindi kanali katachepa ndi theka, mafupa anali phee. Mwezi wotsatira nambala inali 88, kenako 57, kenako 60, imene inawadumphitsa mtima pang'ono mpaka dokotala anawakumbutsa kuti kugwedezeka kwakung'ono n'kwachibadwa. Pofika miyezi isanu ndi itatu inakhazikika cha m'ma 30, n'kumangoyendayenda pamenepo.

Nambala itangoyamba kutsika, amuna awo anatulutsa njinga n'kuyamba kupopa matayala.

"Mukutani, bambo?"

"Ndimati poti zinthu zili bwino, kalasi yatha."

"Palibe munthu analowa m'galimoto yanga n'kutuluka wopanda layisensi. Mukufuna kundichititsa manyazi pa ukalamba?"

Mayeso oyamba analephera chifukwa choyenda pang'onopang'ono. Woyesa anati pa ntchito yake yonse anali asanalembepo chifukwa chimenecho. Achiwiri analephera chifukwa anaima pakati pa msewu kuti auze dalaivala wa lole kuti injini yake ikulira molakwika. Achitatu anakhoza, ndipo tsikulo ometa tsitsi, wa nyuzipepala ndi eni masitolo oyandikana nawo anaima m'mbali mwa msewu kuwaombera m'manja akudutsa, iwo akuyankha ndi chipewa.

Chimene Amayi Buleki sanachiganizire n'chakuti bamboyo adzaikonda galimoto. Loweruka lina mayiwo anadzuka n'kupeza pabwalo pali mbee. Galimoto inabwera masana itadzaza amayi a m'dera lawo ndi madengu a kumsika. Mlungu wotsatira inaperekeza mwana wa oyandikana nawo kokwerera basi, kenako inakatenga wailesi ya kasitomala kutsidya kwa tauni, wailesi yoti ikanakwana m'thumba la malaya. Amayi Buleki anayamba kubisa makiyi m'chitini cha shuga, koma munthu wozolowera kupeza tizitsulo tating'ono m'mimba mwa wotchi sangasowe makiyi m'khitchini. Mapeto ake anagwirizana: mkati mwa mlungu galimoto ndi ya sukulu, Loweruka ndi ya bambo, ndipo tsiku la chipatala amayendetsa ndi bambo, koma anyamuke ola limodzi nthawi isanakwane.

Zinayenda choncho zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Kabuku kaja kanadzaza, anagula kena. Ndiye dokotala anawauza za kuyeza kwina kwatsopano, kozama kuposa nambala ija. Anati maselo a khansa akamafa amasiyanso m'magazi tizidutswa ta malangizo amene amawalamulira, ndipo labotale yaikulu ya kutali imatha kutiwerenga n'kuona ngati khansayo yayamba kusintha khalidwe kuti izembe mankhwala. A Udzudzu anayamba kutenga timabotolo tiwiri towonjezera pakapita miyezi ingapo, uku akudandaula kuti anenepa.

Kawiri zotsatira zinabwera zopanda kanthu. Kachitatu dokotala anawaimbira foni kuti abwere.

"Nambala yanu ikadali 33, ndipo makina sakuonetsa chatsopano," anatero. "Koma magazi anong'ona. Maselo ena apeza njira yokulira ngakhale tikuwamana chakudya chija. Tisadikire kuti afike pokupwetekani. Tisiya piritsi limodzi, m'malo mwake muzibayidwa jakisoni amene amatseka njira yatsopanoyo. Mapiritsi ena aja mupitiriza."

Ulendo uno mantha anangokhala nthawi yochepa. Amayi Buleki anafunsa mafunso awo onse pomwepo, mmodzimmodzi, ndipo Mzime ankalemba mayankho. Funso lotsiriza linali lakuti jakisoniyo amabaya pati.

"M'matako, amayi. Mbali zonse ziwiri. Poyamba pafupipafupi, kenako kamodzi pamwezi."

"Zonse ziwiri! Mwana iwe, ukudziwa kuti ine ndimadyera pokhala?"

Namwino wobaya anaseka mpaka anachita kutuluka kaye panja. Kuyambira pamenepo, tsiku lotsatira jakisoni Amayi Buleki ankaphunzitsa ali chiimire pabwalo, akuzungulira migolo ndi kukuwira ophunzira pawindo, ndipo ambiri ankati amamveka bwino kuposa ali m'kati. Patapita miyezi ingapo labotale ya kutali inayankha kuti tizidutswa tija tachepa mpaka sitikuonekanso.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, layisensi yawo inatha nthawi. Anapita ku ofesi ya zamsewu m'mawa, atavala diresi yobiriwira ndi ndolo. Mzere unali wautali, koma pafupifupi theka la anthu a pamzerewo anali ophunzira awo akale, ndipo anakankhidwa ndi manja ambiri mpaka kutsogolo, iwo akukana mwa mwambo chabe. Anawerenga zilembo za pakhoma mpaka mzere wotsiriza, woyesa maso n'kugwedeza mutu. Kalaliki wa pawindo, mayi wotopa amene sankawadziwa, anafunsa osadzutsa nkhope.

"Ya zaka ziwiri kapena zisanu?"

Amuna awo, amene anaima pambali atanyamula chikwama, anayang'ana pansi.

"Zisanu," anatero Amayi Buleki.

Kalaliki anadinda pepala n'kuwalozera kampando ka chithunzi. Kuwala kunang'anima asanakonzeke, ndipo chithunzi chinatuluka pakompyuta diso limodzi litatsinzina, pakamwa pali yasa ngati akukalipira munthu.

"Ayi, mwana wanga, ichi ayi. Jambulanso."

"Timajambula kamodzi, amayi."

"Ndiziyenda ndi nkhope imeneyi zaka zisanu zathunthu? Apolisi azindimanga poyesa ndaba layisensi ya munthu wamisala."

Pamzere panabuka chiseko. Wina kumbuyo anakuwa kuti chithunzicho n'cholondola, ndi mmene iye amawakumbukirira. Kalaliki anayesa kuumitsa nkhope koma analephera. Anawauza kuti akhalenso. Amayi Buleki anakonza ndolo, anawongola msana, anakweza chibwano, n'kuuza amuna awo kuti asiye kuwaseketsa. Bamboyo anangoima pomwepo ndi chikwama cha mkazi wawo pamkono, ndipo zimenezo n'zimene zinawaseketsa. Chithunzi chachiwiri chinatuluka mano onse ali pamtunda.

"Ichi chikhale," anatero, n'kuimirira msanga, chifukwa wophunzira wa teni koloko anali akuwadikira kale kubwalo.